Chipinda Choyang'ana ku Nile

Aphunzitsi anajambula mtsinje wa Nile pabolodi kwa zaka zoposa 30 asanauone ndi maso. Ankayambira m'munsi mwa bolodi, pa nyanja ya Victoria, n'kumakweza choko pang'onopang'ono, kukumaniza mizere iwiri pa Khartoum, kenaka n'kutambasula zala za mtsinjewo pamwamba, pamene umathira m'nyanja ya Mediterranean. Chaka chilichonse pankapezeka mwana wotsutsa kuti madzi sangakwere chitunda, ndipo iwo ankatsitsa mapu pakhoma n'kuwayala pansi, kuti mwanayo aone yekha kuti kumpoto si kumwamba. Sukulu zonse zomwe anaphunzitsako zinali za m'chigwa cha Shire, kotero kuti ana ankawakhululukira pa zina zonse, koma pa nkhani ya madzi ankafuna umboni.

Ulendo wa ku Cairo anaukonza ndi mwana wawo wamkazi, namwino wa ku Manchester. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo uyu anachoka kalekale. Kumudzi ankangobwera pamaliro. Anawauza pafoni kuti akumane pakati, iye atsike kuchokera kumpoto, iwo akwere kuchokera kumwera, kuti akaone mtsinje umene unawadyetsa nsima moyo wawo wonse wauphunzitsi. Anadzera ku Addis Ababa mwezi wa Novembala, ndipo ali m'ndege anakumbukira kuti mapiri anali pansi pawowo ndiwo amalandira mvula imene imadzaza Blue Nile.

Hotela imene mwanayo anasankha sinali ya zija zazitali za magalasi. Inali yaing'ono, ya zipinda khumi ndi ziwiri, m'nyumba yakale ya nsanjika pa chilumba cha Gezira, kumpoto kwake kumene amakutcha Zamalek. Chikepe chake chinali cha zitsulo zolukana ngati khola la nkhunda, ndipo chinkanjenjemera chisananyamuke. Chipinda chilichonse chinali ndi maonekedwe akeake, china cha mpando wa nsungwi, china cha nyale ya mkuwa, ndipo ogwira ntchito ankamudziwa mlendo pofika tsiku lachiwiri, mpaka kuchuluka kwa shuga amene amathira m'tiyi. Mahotela otere amagulitsa zinthu ziwiri, bata ndi zenera, ndipo zenera ndilo lokwera mtengo. Mwanayo analipira ndalama yapadera kuti bambo ake agone m'chipinda choyang'ana kumtsinje.

Mnyamata wonyamula katundu atatsegula makatani, madzi anaonekera pafupi zedi, kuseri kwa msewu umodzi ndi mzere wa mitengo. Dzuwa linali likulowa tsidya lina, kumene kuli Imbaba, ndipo mtsinje unali psuu. Mwanayo anatembenuka kuti aone nkhope ya bambo ake. Iwo anayamika, monga mwa munthu wolandira mphatso, nafunsa ngati makataniwo amatsekeka bwino.

Usiku umenewo anagona atavala nsapato. Pasipoti ndi ndalama anazikulunga m'jumbo n'kuziika m'thumba la malaya. Chimenechi sichinali chizolowezi cha paulendo. Anayamba kutero mu Januwale 2015, ndipo kunyumba kwawo amatero nthawi ya dzinja yokha, kapena akagona pamalo pomveka madzi.

Amene anali kuchigwa chaka chimenecho safuna kuuzidwa. Mvula inagwa masiku otsatizana pa mapiri a Mulanje ndi Thyolo, Ruo anadzaza n'kukankha Shire, ndipo madzi analowa m'midzi ya ku Makhanga usiku, anthu ali m'tulo. Boma linalengeza kuti maboma 15 ali pangozi. Anthu oposa 100 anamwalira, ndipo enanso ambiri sanapezeke mpaka lero. Aphunzitsi anapulumukira mumtengo, mmene anakhalamo usiku uwiri asanatengedwe pa bwato. Akazi awo anali m'gulu la osapezeka. Pamaliro panalibe thupi, ndipo mwana wa ku Manchester atafika anapeza anthu atakhala pamsasa, akulira moyang'ana kumadzi. Chiyambire pamenepo, bambo ndi mwana ankakamba za mankhwala a shuga, za mtengo wa simenti, za adzukulu a kwa mchimwene wake. Za usiku uja sanakambirane.

M'mawa woyamba ku Cairo aphunzitsi anadzuka kusanache, mizikiti itangoyamba kuitanira mapemphero, mawu a uwu kugwera pa mawu a uwo mpaka mzinda wonse kukhala ngati ukung'ung'udza. Anatsika mwakachetechete, kuwoloka msewu, n'kupeza makwerero a miyala otsikira kumadzi. Kwawo munthu akamakayikira mtsinje amazika kamtengo m'mphepete madzulo, m'mawa n'kukaona ngati kamira. Pano panalibe dothi lozikapo kanthu, choncho anatola kamwala kofiira n'kukaika pa khwerero lomaliza louma. Anabwerera kuchipinda mwana asanadzuke.

Mzinda anaukonda msanga, ndipo mwina anaukonda chifukwa unkawachotsa pazenera paja. Cairo ndi midzi yomuzungulira muli anthu oposa 20 miliyoni, pafupifupi Amalawi onse ataunjikidwa pamalo amodzi, ndipo zimaoneka ngati aliyense wa iwo ali ndi hutala. Kuwoloka msewu pa Tahrir kunawatengera tsiku lathunthu kuti akuphunzire: munthu sadikira kuti magalimoto athe, chifukwa satha, koma amaphatikana ndi mayi wina wa komweko n'kuyenda naye phazi ndi phazi, osathamanga, osabwerera m'mbuyo. Anakwera sitima ya pansi pa nthaka, imene inatsegulidwa mu 1987, yoyamba mu Africa, ndipo anaseka pamene mwana wawo anawasiya n'kukalowa m'bogi ya amayi okhaokha. Anatsika pa Mar Girgis kukaona tchalitchi cha Abu Serga, chimene Akhristu a Chikoputiki amati chinamangidwa pamalo pamene Yosefe, Mariya ndi Mwana anapumula pothawa Herode. Anadya koshari, chisakanizo cha mpunga, makaroni, nyemba zing'onozing'ono ndi anyezi wokazinga, ndipo anagamula kuti ndi chakudya cha munthu amene walephera kusankha. Ku Khan el-Khalili wamalonda wina anawatcha m'bale wake, anawamwetsa tiyi, n'kuwagulitsa mpango pamtengo umene m'bale weniweni sakanatchula. Mapiramidi a ku Giza anawaona tsiku lachitatu. Anali aakulu monga mmene mabuku amanenera, ndipo aphunzitsi analibe chowonjezera.

Chinkavuta chinali madzulo. Mwanayo ankafuna kuti akhale pakhonde la chipinda, amwe tiyi, aonerere ngalawa za matanga zotchedwa felucca ndi maboti a nyale zamitundumitundu oliza nyimbo. Iwo ankati atopa, kapena mphepo ikuwalowa m'chifuwa. Tsiku lachiwiri anapita okha pofikira alendo kukafunsa ngati pali chipinda china choyang'ana kuseri, ku khoma la nyumba yoyandikana. Mtsikana wa pamenepo anadabwa, popeza alendo amadandaula akamanidwa mtsinje, osati akapatsidwa. Anapepesa kuti zipinda zonse zinali ndi anthu. Mwana sanauzidwe, koma m'hotela ya zipinda khumi ndi ziwiri nkhani sigona panja.

Amene anayamba kuzindikira anali mlonda wa pakhomo, amene kumeneko amamutcha bawab, bambo wachikulire wakuda bii ngati iwo omwe, wovala mkanjo woyera. M'mawa wachitatu anawatsatira kumakwerero atanyamula matambula awiri a tiyi, anayang'ana kamwala kofiira kaja, n'kuwayang'ana iwo. Chingerezi chake chinali choduladula, koma chinkakwanira.

"Akulu, mukudikira kuti bahr akwere?" anafunsa. "Sakweranso ameneyu. Anamumanga ku Aswan."

Aphunzitsi anafunsa tanthauzo la liwulo. Bahr, m'Chiarabu, ndi nyanja yaikulu, koma Aiguputo amatchula Nile ndi liwu lomwelo. Zimenezi zinawakondweretsa kuposa mapiramidi, chifukwa ndi mmenenso liwu lakuti nyanja linkagwirira ntchito pakati pa makolo a kuchigwa: madzi aliwonse otambalala, oima kapena oyenda, anali nyanja, ndipo dzina la Amang'anja ndi la Anyanja likuchokera pomwepo. Anthu okhala m'mbali mwa madzi aakulu sawatcha ndi liwu lomwe amatchulira kamtsinje kowoloka utapinda buluku.

Mlondayo anali Mnubiya. Anabadwira kufupi ndi Kom Ombo, m'midzi ya nyumba zofanana imene boma linamangira anthu a mtundu wake pamene linkawasamutsa mu 1963 ndi 1964, damu lalikulu la Aswan likumangidwa. Mudzi wa makolo ake, migwalangwa yawo ya zipatso ndi manda awo zili pansi pa nyanja ya Nasser. Sanauonepo mudziwo, koma ankadziwa dzina lake ndi kumene khomo la agogo ake linkayang'ana.

"Ifenso madzi anatichotsa," anatero. "Kungoti athu anabwera ndi kalata."

Aphunzitsi sanayankhe. Analoza tsidya lina, kumene gombe linali mbee, nafunsa chimene chinalipo kale, poti panali zitsulo zomangirira zingwe popanda chomangirirapo. Mlonda anati panali nyumba zoyandama, za matabwa, mmene mabanja ena anakhalamo mibadwo; zambiri zinachotsedwa mu 2022 polamulidwa ndi boma. Anatolera matambula n'kubwerera pakhomo pake.

Tsiku lachinayi aphunzitsi ndiwo anasankha kopita, ndipo mwana anadabwa kuti anasankha malo amene sanali pa ndandanda yake. Kumapeto a kumwera kwa chilumba china, cha Roda, kuli kanyumba ka denga losongoka kamene alendo ambiri amakapitirira. M'kati mwake muli chitsime chachikulu chomangidwa ndi miyala, ndipo pakati pa chitsimecho paima mzati wa mwala wa nsangalabwi wa mbali zisanu ndi zitatu, wolembedwa mizere kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ndi Nilometer, muyeso wa mtsinje, womangidwa m'chaka cha 861 polamulidwa ndi khalifa al-Mutawakkil. Madzi a Nile ankalowa m'chitsimemo kudzera m'ngalande zitatu, ndipo chaka ndi chaka, cha mu Ogasiti ndi Seputembala, mzinda wonse unkadikira kumva kuti afika pa mzere uti. Muyeso wake unali wa mikono. Akafika pa mikono 16, kunali chikondwerero: ankagumula tchingo la ngalande yaikulu yolowa mumzinda, ndipo boma linkadziwa kuti chaka chimenecho msonkho utoleredwa. Akaperewera kwambiri, inali njala. Akapitirira kwambiri, anali maliro. Pakati pa njala ndi maliro panali mikono yowerengeka chabe.

Woyang'anira malowo anawalola kutsika. Makwerero ake amazungulira khoma, ndi opapatiza, ndipo alibe chogwirira. Mwana anatsogola, dzanja lake lili m'mbuyo kugwira la bambo ake. Pansi panali pozizira ndi pouma. Ngalande zija zinatsekedwa kalekale, ndipo chimalizikire damu la Aswan mu 1970 palibenso chigumula choti n'kuyeza. Aphunzitsi anaima patsinde pa mzati n'kuyang'ana kumwamba. Mzere wa mikono 16 unali kutali pamwamba pa mitu yawo. Anthu amene anamanga malo amenewa ankapempherera kuti madzi afike pamenepo.

Zimenezi anaziphunzitsa kambirimbiri, kuti Iguputo ndi mphatso ya chigumula, kuti ku Cairo mvula ya chaka chonse siikwana n'komwe ya tsiku limodzi la dzinja ku Mulanje, kuti matope ochokera ku mapiri a Ethiopia ndiwo ankanenepetsa minda. Ankaphunzitsanso kuti lero matopewo amatsalira m'nyanja ya Nasser, mlimi wa ku Iguputo amagula feteleza, ndipo nyanja ya mchere ikudya gombe la kumpoto. Koma ana a ku Makhanga ankazimva mwachangu kuposa mmene buku linkayembekezera, chifukwa ndi moyo wa makolo awo. Madzi akaphwa kuchigwa amasiya dothi lakuda lonyowa, ndipo m'madimba mmenemo anthu amadzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu popanda thumba limodzi la feteleza, n'kukolola mwezi umene akumtunda akuyang'ana kumwamba. A ku Tete ndi Mutarara akudziwa mbali inayo ya nkhaniyi: chimangireni Kariba mu 1959 ndi Cahora Bassa mu 1974, Zambezi sasefukiranso panthawi yake yakale, ndipo madambo a kumunsi anasintha. Ndiye pamene anthu a m'tauni amafunsa pawailesi chaka chilichonse kuti kodi a kuchigwawa bwanji sasamukira kumtunda, amafunsa ngati kuti anthuwo sadziwa kuti madzi saiwala khwawa. Amadziwa bwino lomwe. Chimene wofunsayo sanachiyeze ndi njala ya pamtunda wa miyala.

Ali pansi pomwepo, woyang'anira atakwera kukalandira alendo ena, aphunzitsi anayankhula osayang'ana mwana wawo.

"Ndalama zija unatumiza mu 2014, zoti timange kumtunda, sindinadye ayi. Malata ndinagula. Njerwa zinaumbidwa. Ine ndi amene ndinati tidikire tikolole kaye za kudimba, tidzasamuke chilimwe. Amayi ako akanakhala kumtunda usiku umene uja."

Mawuwo anamveka kawiri, chifukwa chitsime chimabweza mawu. Mwanayo anakhala pa khwerero. Panapita nthawi asanayankhe, ndipo poyankha anayankhula Chimang'anja cha kwawo, chimene bambo ake ankayesa kuti anachisiya pabwalo la ndege zaka zambiri zapitazo.

"Ababa, amayi anandiimbira foni pa Khirisimasi chaka chimene chija. Anati ndisakukakamizeni. Anati kumtunda kulibe chinyontho, mbatata zawo sangazisiyire anthu ena, ndipo ngati mukufuna kusamuka musamuke nokha. Ndinawakalipira. Ndi mawu omaliza amene ndinayankhula nawo."

Aphunzitsi anali asanamvepo zimenezi. Kwa zaka zonsezi ankakhulupirira kuti mwana sabwera kumudzi chifukwa akuwasungira mlandu, ndipo mwana ankakhulupirira kuti bambo ake akanadziwa za foni ija sakanamuyang'ananso kumaso. Sanakumbatirane; si anthu otero. Bambo anatulutsa kampango n'kumupatsa, ndipo iye atapukuta m'maso anakabweza. Pokwera, bambo ndi amene anatsogola.

Madzulo a tsikulo anayenda wapansi pa mlatho wa Qasr el-Nil, wa mikango inayi yamkuwa, umene unatsegulidwa mu 1933. Pamlathopo pamadzaza anyamata ndi atsikana, mabanja okhala pa mipando ya pulasitiki, ogulitsa chimanga chowotcha ndi mbatata zowotcha m'tingolo ta utsi. Anthu a mumzinda uno amene sangakwanitse zenera la hotela amabwera pano kudzapuma mphepo ya mtsinje mwaulere. Aphunzitsi anagula mbatata imodzi, anaibenthula pakati, nati n'njotsekemera koma yamadzimadzi, siingafike pa ya kwawo. Mwana anawafunsa ngati akufuna kuti akayesenso kupempha chipinda china, popeza mtsikana wa pofikira alendo anali atamuuza zonse. Anavomera kuti chipindacho anachisankha akudziwa, ndipo m'ndege monse ankadzifunsa ngati sanachite nkhanza.

"Unachita nkhanza pang'ono," anatero bambo ake. "Chisiye chomwecho."

Usiku umenewo anakhala pakhonde mpaka maboti a nyimbo anatha. Anamufotokozera mwana za mtengo uja, kuti unali wa mtondo, kuti munali anthu asanu ndi awiri ndi njoka imodzi imene sinalume aliyense, ndiponso za mphindi imene dzanja la amayi ake linapulumuka m'dzanja lawo pakati pa nyumba ndi mtengowo. Iye anafunsa mafunso a unamwino, aafupi, ofuna nthawi ndi mtunda, ndipo iwo anayankha onse. Pansi pawo mtsinje unkapita kumpoto mwakachetechete, wopanda chitsa, wopanda denga la udzu kapena mbuzi yotupa, madzi otuluka pa zipata za damu mwa muyeso wa akatswiri okhala mtunda wa makilomita pafupifupi 900 kumwera. Aphunzitsi anati mtsinje wotere ndi wokongola ngati ng'ombe yofulidwa. Sananene ngati akuuyamikira kapena akuumvera chisoni, ndipo mwina sanali kudziwa.

Anatsala ndi masiku awiri. Anakaona mzikiti wa al-Azhar, umene wakhala malo a maphunziro kwa zaka zoposa 1,000, ndipo pabwalo lake anamva anyamata awiri akuyankhula Chiyao; anali ophunzira ochokera ku Mangochi, ndipo moni wake anatenga theka la ola. Anakwera felucca dzuwa likulowa, aphunzitsi atagwiritsa thabwa ndi manja onse awiri, koma anafunsabe mwini ngalawa mmene amakwerera mtsinje popanda injini. Yankho ankalidziwa, kuti mphepo ya ku Iguputo imaomba kuchokera kumpoto pamene madzi akupita kumpoto, kotero kuti tanga limakukweza ndipo mtsinje umakubweza. Ankangofuna kulimva kuchokera kwa munthu wogwira chingwe.

Usiku womaliza nsapato anazivula n'kuziika pafupi ndi bedi, zoyang'ana kukhomo. Jumbo la pasipoti linagonabe m'thumba la malaya. Makatani anawasiya otsegula mbali imodzi.

Kusanache anatsikira kumakwerero, ndipo ulendo uno mwana anapita nawo, atafunda mpango wa ku Khan el-Khalili uja. Mlonda anabweretsa matambula atatu. Kamwala kofiira kanali pomwe anakasiya, kouma, ndipo pansi pake panaonekera khwerero lina limene tsiku loyamba linali m'madzi, lobiriwira ndi ndere. Aphunzitsi anawerama, anayeza ndi zala, nati madzi atsika zala zinayi. Mlonda anati nthawi yozizira ikamayandikira minda siifuna madzi ambiri, choncho a ku Aswan amachepetsa.

Galimoto yopita kubwalo la ndege inaliza hutala pamsewu. Mwana anafunsa ngati atenge kamwalako. Iwo anati akasiye, nafunsa tsiku limene tchuthi chake chotsatira chidzayambe, chifukwa Juni ndiye mwezi wabwino wobwera kuchigwa, msewu utauma ndipo madimba atabiriwira.